Ndinangofuna Kuyeza Mipando

Nkhaniyi ndikuifotokoza ndekha chifukwa mukaimvera kwa anthu a pamsika muipeza itathiridwa kale mchere. Ena akumati ndinakomoka, ena akumati ndinalira ngati mwana. Sindinakomoke ndipo sindinalire, ngakhale kuti panafika nthawi ina imene ndinalakalaka zonse ziwiri.

Ine ndine Twaibu, uja mumandiona m'sitolo ya maukonde ndi zingwe kufupi ndi msika wa pa boma pano. Thupi langa mukulidziwa, Mulungu sanandimane, moti ndikaimitsa kabaza wopalasa amayamba wayang'ana kaye tayala lakumbuyo asanandiyankhe. Chaka chimenecho ine ndi mayi a kunyumba, Abiti Jafali, tinagwirizana zogula galimoto ya banja, yoti tizikwanamo tonse tikamapita kumaliro ndi kumaukwati. Pa kugula tinamvana bwinobwino, koma pa mtundu wa galimoto m'pamene panabuka nkhondo.

Iwo ankafuna zija zooneka ngati bokosi, za chitseko chokoka cham'mbali. Ankati pansi pake m'pafupi, amayi awo amene mawondo anawathera atha kukwera osachita kunyamulidwa, ndiponso mkati muli malo a mapoto, adzukulu ndi miyendo ya anthu. Ine ndinkafuna chimphona, zija zazitali za matayala ngati a thirakitala, zimene pokwera umachita kugwira penapake. Ndinkati bokosi ndi takisi basi, ndipo sindingalole kuti ndikamapita ku mzikiti Lachisanu anthu azindiimitsa panjira n'kumandifunsa ngati muli malo a awiri opita ku Makawa. Iwo ankandiyankha kuti mipando yakumbuyo ya zimphona zangazo anaipangira anthu opanda miyendo.

Koma chifukwa chenicheni sindinkachinena. Mwana wathu Asiyatu anali atapeza mwamuna, mnyamata wa ku Namwera dzina lake Rajabu. Ankhoswe anali atamaliza mbali yawo, ndipo makolo a mnyamatayo amayenera kubwera kwathu Lamlungu kudzationa koyamba. Anthuwo ndinali ndisanawaonepo, tinangolankhulanapo kamodzi pa foni ndi bambo ake, Che Bwanali, mawu ochepa aulemu. Ndiye ine mumtima ndinkafuna kuti akamalowa pageti apeze chimphona chitaima pansi pa mtengo wa mango, azinong'onezana kuti mwana wawo akukwatira kwa anthu olemera mawu. Sabata yonseyo sindinakhazikike. M'sitolo ndinkangoyendayenda, wina akafuna chingwe ndikumupatsa mbedza, galimoto iliyonse yaitali ikadutsa ine ndili pakhomo kuiperekeza ndi maso.

Lachinayi m'mawa ndinaganiza zothetsa mkangano ngati munthu wophunzira. Ndinatenga tepi yoyezera ya Abiti Jafali pa makina awo osokera, osawauza, n'kuikoloweka m'khosi. Cholinga chinali chabwinobwino: ndipite kwa Che Idi, amene amagulitsa magalimoto kumsewu waukulu, ndikayeze mipando ya bokosi, ndikayezenso ya chimphona, ndibwere ndi umboni, mayi akhale chete. Kodi pamenepo pali cholakwika?

Che Idi anandilandira ndi manja awiri n'kuyamba kundionetsa bokosi. Anakoka chitseko ndi chala chimodzi, chinangotsetsereka chokha, ine n'kulowa osawerama kwenikweni. Ndinakhala pa mpando wapakati, miyendo n'kuitambasula, pakati pa bondo langa ndi mpando wakutsogolo panatsala malo oti nkhuku n'kuikirapo mazira. Ndinapita kumbuyo kwenikweni, osakwera pa chilichonse, kungodutsa pakati ngati m'kanjira ka m'munda, ndipo nakonso ndinakwana, mutu osagunda denga, msana utatsamira bwino. Zinandinyansa kwambiri. Ndinayeza ndi tepi kawiri, kachitatu ndinaikhwefula dala kuti mwina iwonetse zochepa, koma tepi ya Abiti Jafali ili ngati mwini wake, sisintha mawu. Ndinatsika n'kuuza Che Idi kuti mipando yake njofewa mopitirira, munthu atha kugona akuyendetsa.

Nthawi yomweyo foni yawo inalira, wina ankawafuna mwachangu ku banki. Anandilozera ndi mlomo chakumapeto kwa bwalo, n'kunena kuti chimphona chili uko, n'chosakhoma, ndichionere mmene ndingafunire, iwo abwera posachedwa. Anakwera kabaza n'kupita.

Tsono bwalo la Che Idi mbali imeneyo lilibe mpanda, limangolumikizana ndi malo otsukira magalimoto. Nditafika ndinapeza zimphona ziwiri zitaima moyandikana. China chinali ndi fumbi moti ana anali atalembapo mayina awo ndi chala. China chinali chakuda, chonyezimira, magalasi akuda bii, zitseko zili pululu, matayala akuwala ngati awapaka mafuta ophikira. Otsuka anali kutali, akulimbana ndi lole. Inuyo mukanasankha chiti? Munthu wogulitsa angaike patsogolo katundu wafumbi?

Ndinakwera pa mpando woyendetsera, ndipo pamenepo ndiye mtima unati eya, izi ndi zimene ndimanena. Msewu wonse ukuonekera pansi, akabaza akuoneka ngati nyerere. Pa kagalasi koonera kumbuyo panali pakulendewera tasibihi, mikanda ija yowerengera mapemphero, koma ine ndinangoti kaya kumene amachokera magalimotowa nakonso amaswali. Pansi panali njere zingapo za chimanga, ndinati ndi mphepo. Mkati munkamveka kafungo ka fodya wamasamba, ndinati ndi mankhwala a m'sitima yapamadzi imene inabweretsa galimotoyi. Munthu ukafuna chinthu, maso amaona koma mutu umakana.

Mpando wapakati unali wabwino ndithu, ngakhale kuti pansi pake panali pokwera moti mawondo anayamba kale kuloza kumwamba. Ndinayeza, n'kupeza kuti bokosi lapambana ndi chikhatho chathunthu, koma ndinadziuza kuti chikhatho si kanthu. Kunatsala mpando wakumbuyo kwenikweni, uja Abiti Jafali ankaunyoza. Ndinati ndikangokhalapo ine, ndi thupi langali, nkhani yatha.

Ndinapinda mpando wapakati, ndinaponya mwendo umodzi, ndinakoka mimba, ndinadzipotokola ngati nsomba yolowa m'mono, mpaka ndinakhala. Kenaka ndinati kuyeza kwachilungamo n'kofunika mpando wapakati ubwerere m'malo mwake, ndiye ndinaukoka ndi mphamvu. Unangoti kha! Mawondo anga anafika pachibwano. Phazi lamanzere linakanirira pansi pa chitsulo chimene mpando umatsetserekapo, nsapato ndi zala zomwe. Ndinakankha, osasuntha. Ndinafunafuna kachitsulo kotsegulira, kali mbali ina, kumene dzanja langa silingafike ngakhale nditabadwanso. Ndiye ndinawerama, mutu kulowetsa pansi pakati pa mipando kuti ndimasule phazi, ndipo ndili chiweramire choncho ndinamva phwee kumbuyo. Buluku langa linang'ambika kuyambira pa lamba mpaka kumene sindinganene pagulu.

Ndisanaganize chochita ndinamva mawu a anthu awiri akubwera, bambo ndi mayi. Ndinati awa ndi makasitomala ena a Che Idi, angosuzumira kutsogolo n'kumapita, ine ndingokhala phee, chifukwa munthu wodziwika ngati ine sangapezeke mutu uli pansi, kumbuyo kuli kumwamba, buluku lili pawiri. Ndinamva buti ikutsegulidwa. Popeza malo a katundu kumbuyoko ndi ochepa, munthuyo anangoyamba kuponya zinthu pamwamba pa mpando osayang'ana: mikeka iwiri yopindidwa inandigwera pamsana, kenaka phukusi lolemera la nsalu, pomaliza beseni lalikulu la pulasitiki linandivundikira kumutu. Buti inatsekedwa, zitseko zonse zinatsekedwa, injini inalira.

Ngakhale pamenepo ndinali ndi chiyembekezo. Ndinati akungoiyesa, azungulira pa raundabauti n'kubwerera. Tinadutsa mahampu awiri, chibwano changa chikumenyana ndi bondo, kenaka kulira kwa matayala kunasintha, kamphepo kozizira ka pamadzi n'kulowa pa zenera. Tinali pa mlatho, tikuwoloka Shire. Abale anga, munthu woyesa galimoto ya Che Idi sawoloka mlatho.

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula, ndikudziwa, aliyense amene ndamufotokozera amandiuza zomwezo. Koma tandiuzani, mukanayamba ndi mawu ati? Odi? Pepani? Zikomo kumbuyo kuno? Ndinayeserera onsewo mumtima, ndipo aliwonse ankathera pamodzimodzi: mayi akukuwa kuti wakuba, galimoto ikuima, anthu a m'mbali mwa msewu akuthamangira ndi miyala, ine phazi lili m'chitsulo osatha n'kuthawa komwe. Ndinati ndidikire afike poima, ndiyambe ndatsokomola pang'ono mwaulemu. Koma mphindi iliyonse imene ndinkakhala chete inkachititsa kuti kulankhula kuvute kuposa kale, chifukwa munthu wosalakwa amalankhula pa mlatho, koma wofika kutali ali chete ndiye kuti ali ndi cholinga. Ndinaganiza zotumiza uthenga kwa Abiti Jafali, koma foni inali m'thumba lakutsogolo, itapanikizika pakati pa ntchafu ndi mimba, malo amene ngakhale singano sikanalowa.

Kutsogolo anthu ankangocheza zawo. Mayiwo ankadandaula ngati nsalu imene agula ikwanire azakhali onse, chifukwa pa ukwati mbali yawo iyenera kuvala zofanana. Bambowo ankati ikwana, ndipo ikachepa abweranso. Ine ndikumvetsera, thukuta likuyenderera m'maso, dzuwa la ku Mangochi likuphika denga, beseni likundisungira mpweya wanga womwe. Kenaka mayiwo anatchula kuti Rajabu wanena kuti Asiyatu amakonda mtundu wobiriwira.

Ndinati mwina a Rajabu ndi ambiri, a Asiyatu nawonso ndi ambiri, boma lino ndi lalikulu. Koma bambowo anapitiriza, ndipo mawu awo ndinawazindikira tsopano, anali omwe aja a pa foni. Ndinali m'galimoto ya Che Bwanali. Anthu amene ndinkafuna kuwadabwitsa Lamlungu ndi chimphona anali nacho kale chawo, ndipo ine ndinali katundu wawo.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandiwawabe mpaka lero. Anayamba kukamba za ine. Che Bwanali anati afufuza kwa anzawo a pa boma, ndipo onse akuti Che Twaibu ndi munthu wodekha, wolemera, sachita zinthu mopupuluma, pakabuka mkangano ku mzikiti amaitana iyeyo. Mayiwo anapumira m'mwamba n'kunena kuti n'chifukwa chake iwo mtima suli m'malo, anthu a m'tauni otere atha kuwaona ngati alimi a fodya wamba, ndipo n'chifukwa chake anaumirira kuti galimoto itsukidwe lero kuti Lamlungu asakachite manyazi pakhomo pa eni ake. Anawachenjezanso amuna awo kuti akafika kumeneko asakayambe nthabwala zawo zija, akakhale mwaulemu ngati mwini nyumba. Munthu wodekha, wolemera, wosachita zinthu mopupuluma, anali pansi pa beseni lawo, akupuma ngati chule.

Tinayamba kukwera phiri. Amene munapitako ku Namwera mukudziwa mmene msewu uja umakhotera, kumanja, kumanzere, kumanjanso, ngati njoka yothawa moto. Pokhota paliponse phukusi la nsalu linkanditsamira mbali ina, beseni n'kumandigogoda m'khutu. Mwendo wamanzere unachita dzanzi mpaka sindinkaudziwanso ngati ndi wanga, wamanja unagwidwa ndi kukokana kwa mnofu moti ndinaluma tepi ya Abiti Jafali kuti ndisabuule. Fumbi la fodya linandilowa m'mphuno, ndinatsina mphuno, kuyetsemula kunatulukira mkati, maso anatsala pang'ono kugwa. Mayiwo anati akumva ngati chinachake chikupuma kumbuyo. Che Bwanali anati ndi mashoko a matayala akumbuyo, ndipo akudabwa kuti lero galimoto ikulemera kumbuyo ngati anyamula matumba awiri a feteleza, mwina otsuka aja alowetsa madzi penapake.

Ndinapirira zonsezo. Ndinali nditapanga kale pulani yatsopano: tikafika kwawo, iwo alowa m'nyumba, ine ndidzimasula mwanjira iliyonse, ngakhale kusiya phazi momwemo, ndikwere minibasi, Lamlungu ndiwalandire ngati sitinakumanepo. Koma mayiwo anali munthu woleredwa bwino, ndipo ulemu wawo ndi umene unandimaliza. Anati si bwino kuti afika mpaka pa boma osawapatsa moni makolo a mtsikana, akadzamva kwa ena kuti anawaona mumsika adzaoneka onyada. Anawapempha amuna awo foni kuti aimbe, angopereka moni n'kutsimikiza za Lamlungu.

Tsono foni yanga, chifukwa cha phokoso la m'sitolo, ndinaiika kuti izilira ngati tambala, ndiponso mokweza mpaka pamapeto. M'galimoto monse munamveka kokoliliko, kuchokera pansi pa mikeka.

Kenaka Che Bwanali anafunsa modekha, “Mayi a Rajabu, mwagula tambala?”

“Ine ndimayesa mwagula ndinu.”

Tambala analira mpaka anatopa. Mayiwo anati foni ya Che Twaibu sikuyankhidwa, mwina ali otanganidwa, ayesenso kamodzi. Ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira ku madrasa, kuti netiweki ithawe monga imachitira masiku onse pa phiri limenelo. Tsiku limenelo inagwira bwino kwambiri. Tambala analiranso.

Galimoto inapatukira pambali n'kuima. Ndinamva chitseko, kenaka kulira kwa chitsulo chikusololedwa pansi pa mpando, kenaka mapazi akuzungulira. Buti inatsegulidwa, mkeka woyamba unachoka, wachiwiri unachoka, beseni linanyamuka, kuwala n'kundimenya m'maso. Ndinapotoza khosi n'kuona bambo wamtali woonda, wa ndevu zoyera ndi chipewa choluka, atakweza sipanala ya matayala m'mwamba. Pa mawu onse amene ndinakonza kuyambira pa mlatho, palibe ngakhale amodzi amene anabwera. Pakamwa panangotuluka zimene lilime linazolowera.

“Salamu aleikumu.”

Ndipo iwo, sipanala ili m'mwamba, anayankha moni wanga mokwanira, chifukwa moni sabweza ndi chitsulo. Atatero anandifunsa kuti ndine ndani ndipo ndikutani m'galimoto yawo. Dzina langa linakana kutuluka. Ndinangoti ndi nkhani yaitali, ndipo ndingaifotokoze bwino phazi langa litamasulidwa. Mayiwo anali atatsika, ataima chapatali, akundiyang'ana ine, akuyang'ana foni ili m'manja mwawo, akundiyang'ananso. Ndinawaona akudina. Tambala analira kachitatu, m'thumba mwanga, aliyense akuona kumene akulirira. Mayiwo anadula foni, anakokera mpango kukamwa, n'kulankhula motsitsa kwambiri.

“Bambo a Rajabu, tsitsani chitsulocho. Awa ndi asewele athu.”

Kunditulutsa inali ntchito. Kachitsulo kaja Che Bwanali anangokakhudza ndi chala mpando n'kupindika, koma miyendo yanga inali itafa, sinkamva lamulo lililonse. Amuna awiri ogulitsa makala pamphepete pa msewu anabwera kudzathandiza, wina dzanja ili wina dzanja ilo, kundisolola ngati akukoka ukonde wodzadza, nsapato imodzi n'kutsalira momwemo. Nditaima ndinakumbukira za buluku. Ndinatsamira galimoto n'kuyamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, msana osausiyanitsa ndi chitseko. Amakala aja ankayesa ndapweteka msana, ankafuna kunditembenuza kuti aone. Mayi a Rajabu okha ndi amene anamvetsa. Anamasula phukusi lija, anang'amba nsalu yokwana bwino, yobiriwira ya maluwa achikasu, n'kundipatsira nkhope atayang'ana kuphiri. Ndinaimanga m'chiuno ngati mayi wopita kumtondo.

Ndiye ndinafotokoza, nditavala chitenje, nsapato imodzi, tepi yolumidwa ili m'khosi. Ndinanena za bokosi, za chimphona, za Che Idi ndi mlomo wawo wolozera, ngakhale za mtengo wa mango ndinanena, chifukwa munthu ukafika pamenepo ulibenso choti usunge. Che Bwanali anamvetsera mpaka pamapeto osaseka ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Ndevu zokha n'zimene zinkanjenjemera. Pomaliza anati mpando umenewo chigulireni galimotoyo sipanakhalepo munthu wamkulu, iwo amanyamulirapo mbuzi, ndipo ngakhale mbuzizo zimafika zitakwiya.

Ndinawapempha kuti andisiye pomwepo ndidikire minibasi yotsika. Anakana. Anati kwawo kwatsala pafupi kuposa ku boma, ndipo mlendo sabwezedwa panjira asanamwe madzi, makamaka mlendo amene wavutika chonchi kuti awapeze. Anandifunsanso ngati ndikufunadi kutsika pa depoti ya ku Mangochi, kumene aliyense amandidziwa, nditavala mmene ndavaliramu. Ndinavomera. Anandikhazika kutsogolo, mayi a Rajabu anasamukira pakati, ndipo ulendo wonse wotsalawo ndinkangomva mpando wawo ukugwedezeka pang'onopang'ono, osatulutsa mawu.

Kwawo tinapeza anthu ambiri pakhonde, azakhali omwe aja odikira nsalu. Ndinatsika, onse maso pa chitenje. Che Bwanali anangonena ndi nkhope yowongoka kuti awa ndi bambo a Asiyatu, abwera kudzationa, ndipo anthu anagwada kundipatsa moni mmodzimmodzi, aliyense akuyesetsa kuyang'ana nkhope yanga yokha. Anandibwereka buluku lawo, linathera m'mawondo, ndiye anakabwereka mkanjo kwa m'bale wawo wina wathupi ngati langa. Ndinadya mpunga ndi nkhuku, ndipo ndisaname, unali wokoma.

Nditapeza mpata ndinapita kuseri kwa nyumba kukawaimbira Abiti Jafali. Asanandipatse n'komwe moni anandifunsa ngati ndaona tepi yawo, chifukwa ali ndi diresi la munthu loti amalize. Ndinati tepi ili ndi ine. Anafunsa kuti ndili kuti. Ndinati ku Namwera, kwa makolo a Rajabu. Ndinafotokoza zonse mwachidule. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

“Ndiye mwayeza?”

Lamlungu alendo anabwera. Pansi pa mtengo wa mango panalibe chilichonse koma nkhuku. Koma ndikuuzeni zoona, sindinaonepo kukumana kwa asewele kopepuka ngati kumene kuja. Panalibe woti adzikweze, chifukwa iwo anali atandiona mmene sanandionepo wina aliyense, ndipo ine ndinali nditamva mantha awo onse ndi makutu anga. Che Bwanali anayamba nthabwala zawo asanamalize n'komwe tiyi, akazi awo osawaletsa. Potsanzikana anandikokera pambali n'kundiuza kuti chimphona chijacho akufuna kuchigulitsa kuti agule bokosi, ndiye popeza ine ndachiyesa kale mpaka kuphiri, mwina ndingachifune. Ndinawathokoza n'kukana. Patapita milungu iwiri tinagula bokosi kwa Che Idi, apongozi anga amakwera okha osagwiridwa, ndipo inde, Lachisanu lililonse pamapezeka wina wondiimitsa kufunsa malo a awiri. Nthawi zina ndimawatenga.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo yathera pamenepo, mpaka tsiku la ukwati. Nditalowa pabwalo, mbali yonse ya kuchimuna, amayi, azakhali, atsikana, ngakhale malaya a amuna ena, onse anali atavala nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Kulikonse kumene ndikanayang'ana kunali chitenje changa. Ndinakhala pa mpando wa ulemu maso ali pansi, ndikuwerenga nyerere. Mayi a Rajabu anabwera, anagwada mwaulemu wonse pamaso pa anthu, anandipatsa moni, kenaka ananong'ona kuti ndimve ine ndekha.

“Asewele, musadandaule kuti sitinakusokereni yanu. Inu munavala kale woyamba.”

Kuyambira tsiku limenelo, galimoto imene sindinaione mwini wake ndi maso anga, n'kumufunsa dzina lake ndi la mwana wake, sindiikhudza ngakhale chitseko. Ndipo wina akadzandionanso ndikupinda mpando wapakati kuti ndilowe kumbuyo, ngakhale m'galimoto yangayanga, andigwire malaya andikhazike pansi, andipatse madzi.